Botolo la Dzanja Lamanzele

Lemba mmene ndikambila, usandikonzele mawu ngati uli kusukulu. Nkhani ya amalume ako anjinga anthu aipotoza kale kuno ku Kabwata. Ena akuti ndinathamanga nawo mpikisano, ena akuti ndinagwela mu ngalande. Ine sindinagwe. Amene anagwela mu ngalande ndi ba neba, ndipo tifikako.

Amalume akowo ndi mzime wanga. Njinga anaiyamba ali ndi mamina, ija yakuda ya malemu ambuya ako aamuna, imene ankanyamulila mitolo ya nsalu kuchoka ku Kamwala. Iwo anali telala, munthu wa ku mzikiti, wochokela ku Mangochi, ndipo pakhomo pathu ulemu unali ngati mchele, sunkasowa m'ndiwo. Mwana akamalandila chinthu kwa wamkulu ankatambasula manja onse awili, bondo litapinda. Dzanja lamanzele ndi la kuchimbudzi, silidya, silipatsa moni, silipeleka, sililandila. Ana anga onse anakula choncho, ndipo mzimeyo ndiye anali nambala wani. Azimayi a pamsika ankachita kumutuma dala kuti aone mmene agwadila.

Atakula anamutenga anthu a timu ya kampani ina yake, eti ntchito yake ikhale kuchova njinga basi, pakutha pa mwezi nkulandila ngati wa mu ofesi. Ine poyamba ndinkayesa bodza. Anamupatsa njinga yopepuka, ndinkainyamula ndi zala ziwili ine nkhalamba, matayala ake owonda ngati chala changa ichi. Inkagona m'nyumba pafupi ndi bedi, kunja ayi. Kabudula wake wothina wokhala ndi kapilo kumatako, nsapato zolila kwakwakwa pa simenti ngati mbuzi. Tsiku lina ndinamupeza pakhonde akumeta miyendo ndi lezala. Ndinati, "Iwe, wamwalila ndani kuti uzimeta? Ndipo kwanu amameta miyendo?" Anangoseka, nkuti, "Amama, mudzaona tsiku ndidzagwe." Ndinamulavulila mawuwo, koma anali atatuluka kale.

Anagwadi. Unali m'mawa, akuchokela kokonzekela cha ku Chelstone. Minibasi inaima mwadzidzidzi kutsogolo kwake chifukwa kondakita waona munthu, iye nkuwomba kumbuyo kwake nkuuluka. Anandiimbila foni ndili pa tebulo langa la tomato, ndinasiya zonse mmenemo. Ku chipatala ndinamupeza khungu litasupuka kuyambila m'chiuno mpaka pa bondo, lofiila ngati nyama ya pa butchala, ndipo fupa ili la apa, lochoka pakhosi kupita paphewa, la kumanja, litathyoka. Anamukoloweka dzanja m'nsalu pakhosi. Adokotala anati fupa lidzagwilana, ndi mwana, koma asadzaligwelenso lisanalimbe, apo ayi adzafunika zitsulo ndipo za njinga aiwale.

Zilonda ndinkatsuka ndine. Apo ndi pamene ndinamvetsa za lezala, chifukwa bandeji inkamatuka bwinobwino osazula ubweya. Iye akuluma mano, nkumati, "Mwaona amama?" Ndinati, "Khala chete, ndaona."

Kenako anabwela ba kochi, amene amawaphunzitsa, bambo wamfupi wa ku Kopala, kuja ku migodi, wachipewa chosavula. Anakhala pa mpando uwo wakhalapowo. Sanazungulile. Anati mwezi wa Okutobala kuli mpikisano waukulu, ndipo abwana a kampani anena kuti amene adzamalize mu nthawi yake ndiwo adzatsale mu timu chaka chamawa. Amene sadzamaliza, njinga abweze. Kuli mnyamata ku Kitwe akuidikila. Anati, "Bamayo, si ine. Ine mwana wanu nimufuna. Koma njinga si yanga." Amalume ako anangoyang'ana njinga yawo ili potsamila khoma. Ine ndinadziwa kuti ikatuluka m'nyumba muno, mwana wanga atsala chikopa chabe.

Dzanja likali m'nsalu amalume ako anabweletsa kachitsulo kena kokweza tayala lakumbuyo m'mwamba, nkuika njinga pakhonde. Akachova, tayala lizungulila, njinga osasuntha. Ankakwela m'mawa ndi madzulo, dzanja limodzi pa mahandulo, lina pachifuwa, thukuta kuchita chithaphwi pansi mpaka nkhuku zinkabwela kudzajompha. Ana a m'komboni ankadzaza pa geti kudzaonelela munthu wothamanga osapita kulikonse.

Manje ba neba, uwadziwa, aja a ku Luapula ogulitsa tinsomba touma ta kapenta, pakamwa pawo palibe chitseko. Ankasuzumila pa mpanda nkukuwa, "Shani ba draiva! Lelo mwafika pati? Pa Chongwe?"

Iye akupuma wefuwefu, nkuyankha, "Nili pa Luangwa, bamayo. Nikugulileni nsomba?"

"Ugule yaikulu! Koma ubwele bwino, njila ya pakhonde ili na ma accident maningi!"

Ndinkaseka nawo, koma ndikamuona akutsika, nkhope itachita phulusa, akugwila phewa mobisa kuti ndisaone, chakudya chinkandikanika.

Nsalu ya pakhosi itachoka anayambanso kutuluka pamsewu, pang'onopang'ono. Ndipo tsiku lina anakhala pansi pafupi ndi ine ndikusankha tomato, nkuti, "Amama, ndili ndi vuto la madzi." Anandifotokozela. Njinga imanyamula mabotolo awili basi, ndipo dzuwa la Okutobala ulidziwa. Galimoto ya ba kochi imatsata amene ali kutsogolo. Iye ndi phewa lakelo ankadziwa kuti adzatsalila, ndipo wotsalila alibe womupatsa madzi. Koma mpikisanowo ndi wozungulila, amadutsa malo amodzimodzi kangapo, ndipo pali pamalo pamene achibale amaloledwa kuima ndi mabotolo m'mbali mwa msewu. Amako nthawi imeneyo anali ku Ndola, anzake onse a mwana wanga anali mu mpikisano momwemo. Anati, "Inu simuopa ngwangwazi zoitanila maminibasi ku msika wa Soweto, mungaope njinga?"

Ndinati, "Kupatsa mwana wanga madzi? Ndinayamba usanamele mano."

Mawa lake m'mawa tinapita ku kamsewu ka kuseli kwa msika kukayesa. Anapita kutali nkutembenuka. Ine ndinaima bwinobwino, botolo m'manja onse awili, ndapinda bondo pang'ono monga achitila munthu popeleka madzi. Anadutsa fyuu osalitenga, akuseka mpaka njinga kugwedezeka. Atabwelela anati, "Amama, mukupeleka kwa apongozi?"

Ndiye anandiimika. Njinga zimayenda kumanzele kwa msewu ngati magalimoto. Ine ndiime m'mbali, nkhope kuyang'ana kumene akuchokela. Ukaima choncho, dzanja limene lili ku msewu ndi lamanzele. Ndilitambasule, botolo ndiligwile pa mutu ndi nsonga za zala, lizilendewela. Iyenso adzalitenga ndi lamanzele, chifukwa ndi limene lili mbali yanga. Osaima, osanena zikomo. Ndipo botolo lakutha adzaliponya pansi pafupi ndi mapazi anga.

Ndinati, "Bwelezanso." Anabweleza. Ndinati, "Ine, mkazi wa atate ako, ndikupatse madzi akumwa ndi dzanja la kuchimbudzi, iwe ulande ngati kabawi, nkundiponyela chikopa kumapazi, anthu akuona? Ndikaime tsidya linalo." Anati tsidya linalo saloleza, angadule anzake kutsogolo nkugwetsa gulu lonse. Ndinati ndipotoloke thupi ndipeleke ndi lamanja. Anati ndikatelo ndimufulatila, sindimuona akubwela.

Ndinavomela ndi pakamwa, dzanja silinavomele. Atabwelanso ndinatambasula lamanzele, koma zala zinakana, zinalifinya botolo ngati wina akundibela. Iye analigwila, ine osalisiya. Linamukoka. Dzanja lotsala pa mahandulo linali lija lothyoka, silinathe kuwongola. Njinga inapita uku ndi uku, nkukathela pa mpanda wa eni ake, phazi lake litakhula pansi. Sanagwe, Mulungu ndi wamkulu. Koma anatsika nkukhala pa fumbi, wagwila phewa, maso atatseka. Ine ndaima pamenepo botolo likali m'manja mwanga.

Atapuma anati, "Amama, mukaligwila mwandigwetsa. Musandipatse ayi. Ingolekani ndikulandeni."

Mawu amenewo uwalembe bwino. Moyo wanga wonse ndinaphunzila kupatsa. Kulandidwa ndinali ndisanaphunzile.

Tinayesa m'mawa uliwonse. Mabotolo anagwa, ena anaphulika, lina linakagunda galu. Ndipo anthu ali ndi maso. Sabata isanathe nkhani inali itafika ku mzikiti. Mayi wina wachikulile, amene tinkakhala naye mzele umodzi Lachisanu, anandikokela pambali nkuti, "Anzanga, tamva kuti mwana uja wayamba kukutsomphola zinthu ndi manzele pamsewu. Atate ake akanakhalapo!" Zinandilasa, ndisaname. Ndinati, "Atate ake akanakhalapo akanaima ndiwo pamsewupo. Poti kulibe, ndiima ndine." Koma pobwelela kunyumba ndinkayenda ndikudzifunsa ngati malemu akanavomeladi.

Pamsika ndinkaphunzitsa zala zanga. Pakakhala palibe kasitomala ndinkanyamula botolo la saladi, mafuta ophikila, pa mutu ndi manzele, dzanja tambasu, mpaka kunjenjemela. Dzanjalo linazolowela moti tsiku lina ndinapeleka pulasitiki ya tomato kwa akazi a shehe ndi manzele osadziwa. Anaiyang'ana, nkundiyang'ana. Ndinachita kuibweza nkuipelekanso ndi manja awili, ndikupepesa. Ba neba anali pa tebulo lawo, anaseka mpaka kukhetsa kapenta. "Ba neba mwasila! Mwakhala ba timu!"

Koma ndi ba neba omwewo amene anandisungila mabotolo mu filiji yawo kuti aume, chifukwa yanga inali itafa ndi kuthimathima kwa malaiti. M'mabotolomo munali madzi, shuga ndi kamchele, mmene anandiuzila mwini wake. Ine ndinkafuna kuthilamo munkoyo, thobwa lathu la mizu, kuti akhale ndi mphamvu, anakana. Ndipo tsiku la mpikisano ba neba anavala chitenge chatsopano nkuti, "Niyenda naimwe. Nifuna nione ngati njinga ija iziba kuyenda."

Tinakwela minibasi mpaka ku Woodlands, nkuyenda pansi kukafika pamalopo, pa msewu wopita ku Leopards Hill, ndowa ili pamutu, ndaikulunga chitenge chonyowa. Tinapeza anthu olemela a ku Kabulonga atafika kale ndi magalimoto awo, maambulela, mipando yopinda, mabokosi ozizilitsa. Bambo wina wa magalasi akuda anationa nkuti, "Ambuya, apa sitigulitsa. Msika uli uko." Ndinatula ndowa pafupi ndi phazi lake nkuti, "Mwana wanga ali mu timu. Sunthani pang'ono." Anasuntha.

Dzuwa linali litakwela, phula likuchita kunyezimila. Tinamva njinga yamoto ikuliza, anthu nkuyamba kuimilila. Kenako phokoso, sindinalimvepo chibadwile, ngati njuchi zasamuka, ngati mvula ikubwela pa malata a kutali. Ku Kabwata ndinazolowela njinga imodzi. Apa zinatulukila pa kona zonse pamodzi, mulu, zodzaza msewu, mawilo kutsala pang'ono kukhudzana. Onse zipewa zofanana, magalasi ofanana. Mphepo yake inandiwomba kumaso. Ba neba anakuwa "Mayo!" nkubwelela chambuyo, ndipo kumbuyoko kunali ngalande. Ndi mmene anagwelamo, miyendo m'mwamba, chitenge chatsopano. Ine dzanja langa linathawa lokha, linabwelela pachifuwa. Anadutsa onse. Mwana wanga sindinamuone nkomwe.

Ndinawavuula ba neba akutukwana m'Chibemba. Bambo wa magalasi anati, "Musadandaule ambuya, azabwelanso. Akali na manzi." Koma ine manyazi anali atandigwila.

Ulendo wotsatila ndinaponda pansi mwamphamvu, ndinati ngakhale zindiwombe. Ndinatambasula dzanja. Ndinaona malaya a timu yathu, obiliwila, akubwela mbali yanga, botolo nkuchoka m'zala zanga bwinobwino, tswii. Ndinayamba kukondwa. Ndiye ndinaona kumbuyo kwake wina wa malaya omwewo, dzanja lamanzele lili m'mwamba, likugwila mphepo. Ameneyo ndiye anali wanga. Ndinali nditamwetsa mwana wa eni ake.

Ba neba anati, "Ba neba, simuziba mwana wanu? Munamubala mweka!"

Ine maganizo anali kwina. Ndinali nditaona chinthu. Podutsa paja, onse mapewa awo anali olingana, koma wanga phewa lamanja linali lotsika, ngati munthu wonyamula ndowa ya madzi mbali imodzi. Ndinati basi, nkhope ndisiye, ndiyang'ane phewa.

Mabotolo ena anali atasungunuka nkutentha ngati tiyi. Lozizila linatsala limodzi pansi pa ndowa. Tinadikila. Njinga yamoto inadutsa, gulu linadutsa, ine dzanja lili pansi chifukwa phewa lotsika munalibe. Galimoto ya ba kochi inadutsa. Msewu unakhala zii. Mtima unati wagwa, wagwela phewa lomwe lija. Ba neba anasiya nthabwala, anandigwila chitenge.

Kenako pa kona panatulukila atatu, otsalila. Wapakati phewa lotsika. Pakamwa pali yasa, milomo yoyela ngati wadya ufa, mutu ukulendewela. Mabotolo a pa njinga yake anali atawataya kale, mopanda kanthu. Ndinadziwa kuti ndikaphonya apa samaliza, ndipo ndikalifinya ndimugwetsa ndine. Ndinapita m'mphepete mwa phula. Ndinatambasula dzanja la kuchimbudzi lomwelo pamaso pa Kabulonga yense, ndinati Bisimila, zala ndinazifewetsa ngati ndagwila dzila.

Sindinamve nkomwe akulitenga. Ndinangoona dzanja langa lili lopanda kanthu, iye ali uko, mutu wapenya kumwamba, akumwa, ena akudzithila m'khosi. Njinga ili njo, osagwedezeka. Nthungululu imene ndinaimba pamenepo, agalu a m'mipanda ya ku Woodlands anayankha onse. Ba neba akuvina ndi matope awo, akukuwa, "Chova mwaiche! Chova! Nsomba yanga ya ku Luangwa!"

Bambo wa magalasi uja anatsegula bokosi lake nkundipatsa mabotolo awili ozizila, eti mwana wake watuluka kale mu mpikisano, tayala laphulika. Ndinalandila ndi manja awili, iye ndi wamkulu ndipo sanali pa njinga. Maulendo otsalawo sindinaphonyenso. Manzele kwa manzele, ngati tinabadwa nazo. Mabotolo akutha ankagwela kumapazi kwanga, ine nkumatola ndikuseka.

Sanapambane, usalembe kuti anapambana. Oyamba anali atafika kale, ena atavula ndi nsapato. Ife tinathamangila komalizila, ndowa ili m'manja, tinamuona akulowa ali wokhotakhota ngati nkhuku yonyowa. Onse tinayang'ana ba kochi. Iwo anayang'ana wochi ya pamkono, nkuvula chipewa chija chosavula, nkuchiponya m'mwamba. Anali mu nthawi. Njinga inali yake.

Anatsika movutika, anzake atamugwilila njinga. Mchele uli mbuu kumaso. Ndinkayesa agona pansi ngati enawo. Koma anapisa dzanja m'malaya pachifuwa nkutulutsa botolo, lija lozizila loyamba kundilanda, sanalitaye ayi. Anayenda kwakwakwa ndi nsapato zake za mbuzi mpaka pamene ndinaima. Anagwada, mabondo onse pa phula lotentha. Dzanja lamanja linkakana kukwela, ndinaona akuluma mlomo, koma analikweza pang'onopang'ono mpaka linakumana ndi linzake pa botolo. Anati, "Zikomo amama. Ndamwa."

Ndinalandila ndi manja awili. Anthu a maambulela sankadziwa kuti chikuchitika nchiyani. Ba neba ankadziwa. Anapukuta m'maso ndi chitenge chamatope nkuti, "Awe shuwa. Lachisanu niyenda naimwe ku mzikiti, nikabauze neka." Ndinati, "Inu a Katolika mukalowa bwanji?" Anati, "Nizaimilila pa geti. Pakamwa panga pafika."

Ndipo anakaimadi pa geti. Mayi wachikulile uja anamva zonse, mpaka za ngalande, ngakhale pamenepo ba neba anasintha pang'ono nkuti tinagwelamo tonse. Bodza lija linayambila pamenepo.

Phewa linapola, koma ukawayang'ana bwino amalume ako likali lotsika pang'ono. Njinga anawasinthila ina, nayonso imagona m'nyumba, mkazi wawo anachita kuzolowela. Pamalo a madzi ndimaimabe ndine miyendo ikalola, ndipo anyamata a timu yonse amanditchula ambuya a manzi. Botolo lija ndi ilo lili mu kabati pamodzi ndi makapu a alendo, usadzalitaye poyesa ndi chinyalala.

Wamaliza? Ika foniyo pansi unditengele tiyi wanga, wazizila. Iwe, iwe! Dzanja liti limenelo? Uli pa njinga iwe? Bwelela ukabwele nayo bwino, manja awili.